Mafunso ndi mayankho pa malonda oyendetsedwa ndi maboma komanso kuika ndalama mu managed futures

Nkhani ziwirizi zimaoneka ngati zotalikirana, popeza ina imakambidwa ndi nduna za maboma pamene inayo imachitikira pa makompyuta a makampani osamala ndalama za anthu, koma zimakumana pa mitengo ya katundu. Boma likaika malire pa chitsulo, soya kapena mafuta, mtengo umasuntha, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi kufunafuna phindu pa kusuntha kumeneko. Mafunso otsatirawa ayamba ndi maboma, kenako alowa m'misika.

Kodi malonda oyendetsedwa ndi maboma n'chiyani?

Ndi dongosolo limene maboma amagwirizana, kapena lina limakakamiza linzake, za kuchuluka kwa katundu amene adutse malire, m'malo mosiya kuti mtengo ndi zofuna za ogula zitsogolere. Pa mgwirizano wamba wa zamalonda, mayiko amakambirana malamulo okha, monga kukula kwa msonkho, kenako amasiya amalonda kuti apikisane, ndipo palibe amene amadziwiratu kuti adzagulitsa zambiri ndani. Apa n'zosiyana, chifukwa chimene chimalembedwa papepala ndi zotsatira zenizenizo: magalimoto asapitirire chiwerengero chakutichakuti, kapena dziko lina ligule katundu wa ndalama zakutizakuti chaka chisanathe. Njira zodziwika ndi kota (malire a kuchuluka kwa katundu wolowa), lonjezo la dziko logulitsa loti lichepetsa lokha zimene limatumiza, lonjezo la dziko logula loti liwonjezera zogula, ndiponso mgwirizano wa mayiko opanga katundu wofanana, monga OPEC, bungwe la mayiko ogulitsa mafuta limene linakhazikitsidwa ku Baghdad mu 1960.

Nanga kota imasiyana bwanji ndi msonkho, popeza zonse zimakweza mtengo?

Kwa wogula kusiyanako kungaoneke kochepa, koma ndalama yowonjezerayo imapita m'matumba osiyana. Tiyerekeze kuti galimoto yochokera kunja imagulitsidwa madola 10,000. Boma likaika msonkho wa madola 1,000, wogula amalipira zambiri, koma ndalamayo imalowa m'thumba la boma ndipo imalembedwa m'mabuku amene aphungu angawaone. Boma likaika kota, magalimoto amasowa, mtengo n'kukwera ndi madola 1,000 omwewo, koma ndalamayo imatsala ndi amene ali ndi chilolezo chogulitsa, amene nthawi zambiri amakhala kampani yakunja yomwe ija imene boma limafuna kuichepetsa mphamvu. N'chifukwa chake mayiko ogulitsa amavomera kota mosavuta kusiyana ndi msonkho, ndipo andale a dziko logula amaikonda chifukwa palibe amene angawaloze chala kuti akweza msonkho. Akatswiri ambiri a zachuma, ngakhale amene amavomereza kuti mafakitale ena ayenera kutetezedwa, amaona kota kukhala njira yodula komanso yobisika yochitira zimenezo.

Kodi pali chitsanzo chimene chimaonetsa bwino mmene zimathera?

Chitsanzo chotchuka ndi cha magalimoto a Japan. Mu 1981, makampani a magalimoto a ku Detroit ku America ali pa mavuto aakulu, boma la Japan linavomera kuti magalimoto amene limatumiza ku United States asapitirire 1.68 miliyoni pachaka. Papepala zinalembedwa kuti Japan wachita izi mwa kufuna kwake, ngakhale aliyense ankadziwa kuti akanakana, nyumba ya malamulo ya ku America ikanaika malire okhwima kwambiri. Chiwerengerocho chinakwezedwa kufika 2.3 miliyoni mu 1985, ndipo dongosololi linatha mu 1994.

Zimene zinatsatira si zimene opempha chitetezo ankayembekezera. Poona kuti malire ali pa chiwerengero osati pa mtengo, makampani a Japan anayamba kutumiza magalimoto akuluakulu ndi odula kuti galimoto iliyonse ibweretse phindu lochuluka, ndipo m'zaka zomwezo ndi mmene mitundu ya magalimoto odula ya Acura, Lexus ndi Infiniti inabadwira. Anayambanso kumanga mafakitale mkati mwa America momwemo, kumene kota sinkawakhudza: Honda inayamba kupanga magalimoto ku Marysville, Ohio, mu 1982, Nissan ku Smyrna, Tennessee, mu 1983, ndipo Toyota inatsegula fakitale ya ku Georgetown, Kentucky, mu 1988. Amene amaikira kumbuyo dongosololi amati ntchito za m'mafakitale amenewa ndi phindu lenileni, ndipo mfundo yawo si yopanda pake. Koma ogula analipira mitengo yokwera kwa zaka zambiri, ndipo makampani a ku Detroit anadzapezeka kuti akupikisana ndi adani amphamvu kuposa kale, amene tsopano anali pakhomo pawo.

Mu 1986 mayiko awiriwa anachitanso mgwirizano wina pa ma semiconductor (tizipangizo ta mkati mwa makompyuta ndi zamagetsi), umene unali ndi kalata yapambali yonena za cholinga choti makampani akunja afike pa 20 peresenti ya msika wa Japan. America itaona kuti Japan sakukwaniritsa, inaika msonkho wa 100 peresenti pa katundu wa Japan wa madola 300 miliyoni mu 1987. Apa ndi pamene pamaonekera vuto la kulemba chiwerengero mu mgwirizano: boma limalonjeza zinthu zimene ogula ake ndi makampani, osati boma.

Kodi mayiko osauka amapindula kapena amaluza?

Zimachitika zonse ziwiri, ndipo nkhani ya zovala ndi umboni wake. Kuyambira 1974, mgwirizano wa Multi Fibre Arrangement unkalola mayiko olemera kuika kota pa nsalu ndi zovala zochokera ku dziko lililonse palokha. Mayiko amene ankatha kusoka motsika mtengo anatsekeredwa msika, koma makampani a ku Hong Kong ndi South Korea, kota zawo zitadzaza, anasamukira ku mayiko amene anali asanaikidwe malire. Umu ndi mmene ntchito yosoka zovala inakulira ku Mauritius komanso ku Bangladesh, kumene kampani ya Daewoo inaphunzitsa antchito a kampani ya Desh kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kota zitatha pa 1 January 2005, China inatenga gawo lalikulu la msika, Bangladesh inapirira n'kukulirakulira, koma mafakitale a m'mayiko ena ang'onoang'ono, amene ankakhalapo chifukwa cha kota basi, anatsekedwa.

Mgwirizano wa mayiko pa katundu mmodzi, monga khofi kapena chitsulo cha tin, nawonso suchedwa kusweka mamembala akayamba kuzemberana. Kota za khofi pansi pa International Coffee Agreement zinatha mu July 1989 ndipo mtengo unagwa kwambiri, pamene bungwe la International Tin Council linalephera kulipira ngongole zake mu October 1985 litatha ndalama pogula tin kuti mtengo usatsike.

Kodi malamulo a WTO amalola zimenezi?

Kwenikweni ayi. Gawo 11 la GATT, mgwirizano wa zamalonda pakati pa mayiko wa 1947, limaletsa malire a kuchuluka kwa katundu kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo WTO, bungwe loona zamalonda pakati pa mayiko, litayamba mu 1995, mgwirizano wake wa Safeguards unaletsa poyera malonjezo oti dziko lichepetse lokha zotumiza kunja. Komabe mayiko amphamvu apeza makomo ena. Mu 2018 America inaika msonkho wa 25 peresenti pa chitsulo ndi 10 peresenti pa aluminiyamu ponena kuti ndi nkhani ya chitetezo cha dziko, ndipo South Korea inapulumuka msonkho wa chitsulowo povomera kota yofanana ndi 70 peresenti ya zimene inkatumiza pakati pa 2015 ndi 2017. Kuwonjezera apo, khoti la apilo la WTO linasiya kugwira ntchito mu December 2019 chifukwa chosowa oweruza, choncho dziko loluza mlandu likhoza kungochita apilo nkhani n'kuima pomwepo.

Kodi mgwirizano wa America ndi China wa 2020 unatheka?

Pa mbali ya zogula sunatheke. Mu mgwirizano umene unasainidwa pa 15 January 2020, China inalonjeza kuwonjezera zogula kuchokera ku America ndi madola 200 biliyoni m'zaka za 2020 ndi 2021, kuwerengera pamwamba pa zimene inagula mu 2017. Kafukufuku wa Peterson Institute for International Economics anapeza kuti zimene China inagula sizinafike 60 peresenti ya zonse zimene zinalonjezedwa. Mliri wa Covid-19 unasokoneza malonda, n'zoona, koma akatswiri ambiri anali atanena kale, mliri usanafalikire, kuti ziwerengerozo n'zokwera kwambiri. Mayiko ena ogulitsa soya, nyama ndi gasi anadandaulanso, chifukwa dziko likalonjeza kugula kwa mmodzi, limakhala likulanda msika wa ena amene sanali nawo pa zokambiranazo.

Tsopano, futures n'chiyani?

Ndi kontrakiti yogula kapena kugulitsa katundu wochuluka mwakutimwakuti, pa mtengo wogwirizana lero, koma pa tsiku lam'tsogolo. Makontrakitiwa amagulitsidwa pa misika yovomerezeka ndipo kukula kwake n'kokhazikika: kontrakiti imodzi ya chimanga ku Chicago Board of Trade ndi mabushelo 5,000, ya mafuta osayengedwa a ku America otchedwa WTI ndi migolo 1,000, ndipo ya golide ku COMEX ndi ma ounce 100. Ganizoli ndi lakale, pakuti msika wa mpunga wa Dojima ku Osaka unavomerezedwa ndi boma mu 1730, ndipo Chicago Board of Trade inayamba mu 1848. Masiku ano makontrakiti ambiri si a mbewu ayi, koma a ndalama za mayiko, amene anayamba ku Chicago mu 1972, a mabondi a boma, ndi a ma index a masheya (ziwerengero zoonetsa mmene gulu la masheya likuyendera) monga S&P 500, amene anayamba mu 1982.

Mlimi kapena kampani ya ndege amagwiritsa ntchito futures podziteteza ku kusintha kwa mtengo. Kuti iwo adziteteze pamafunika wina wovomera kusenza chiopsezocho pofuna phindu, ndipo ena mwa osenzawo ndi amene tikuwakamba m'mafunso otsatirawa.

Nanga managed futures ndiye chiyani?

Ndi kupereka ndalama zanu kwa katswiri kapena kampani kuti azichita malonda a futures m'malo mwanu, kaya mu akaunti yanuyanu kapena m'thumba limodzi ndi anthu ena. Ku America akatswiriwa amatchedwa CTA, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la CFTC, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1974, pamodzi ndi National Futures Association. Thumba loyamba la mtunduwu limene ambiri amalitchula ndi la Richard Donchian la 1949. Ku London kunabadwa kampani ya AHL mu 1987, imene tsopano ili m'manja mwa Man Group, komanso Winton mu 1997.

Chosiyanitsa chachikulu ndi thumba wamba la masheya n'chakuti CTA amatha kubetchera kuti mtengo utsika mosavuta monga mmene amabetchera kuti ukwera, ndipo amachita zimenezi m'misika yambirimbiri nthawi imodzi.

Kodi amadziwa bwanji choti agule kapena agulitse?

Ambiri sayesa n'komwe kudziwa chifukwa chimene mtengo ukusunthira. Njira yofala ndi yotsatira kumene mtengo ukulowera: kompyuta imayerekeza mtengo wa lero ndi wa miyezi ingapo yapitayo, ndipo ukakhala kuti wakwera imagula, ukakhala kuti watsika imagulitsa, kenako imatuluka mtengo ukatembenuka. Kukula kwa ndalama zoika pa msika uliwonse kumatengera mmene msikawo ukugwedezekera, moti msika wosakhazikika umalandira zochepa. Malonda ambiri a mtunduwu amathera m'kuluza pang'onopang'ono, ndipo phindu la chaka chonse limachokera pa malonda ochepa amene mtengo unayenda mtunda wautali. Mu 2012 Tobias Moskowitz, Yao Hua Ooi ndi Lasse Pedersen anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti khalidwe lotere la mitengo lakhala likuoneka m'misika yambiri kwa zaka zambiri. Chifukwa chake chimaoneka kuti n'chakuti anthu ndi mabungwe amachedwa kusintha maganizo nkhani yatsopano ikabwera, ndipo mabanki akuluakulu a mayiko amakweza kapena kutsitsa chiwongoladzanja pang'onopang'ono, osati kamodzin'kamodzi.

Kodi n'zoona kuti amapindula pamene misika ina ikugwa?

Zachitikapo, ndipo ndi chifukwa chachikulu chimene mabungwe a penshoni amaikirako ndalama. Mu 2008, S&P 500 itagwa ndi pafupifupi 37 peresenti, ma index otsata ma CTA anatha chaka ali ndi phindu loposa 10 peresenti. Mu 2022, masheya ndi mabondi atagwa pamodzi, index ya SG Trend, imene imatsata ma CTA oterewa, inakwera ndi zoposa 25 peresenti, makamaka chifukwa chobetchera kuti mabondi atsika ndipo dola ikwera.

Koma izi si inshuwalansi, ndipo wogulitsa amene angazitchule choncho ayenera kukayikiridwa. Phindu limabwera pamene vuto likukula pang'onopang'ono kwa miyezi, kompyuta n'kupeza nthawi yotembenuka. Vuto likagwa mwadzidzidzi, CTA amapezeka ali mbali yolakwika monga wina aliyense. Mu March 2023, banki ya Silicon Valley Bank itagwa, chiwongoladzanja cha mabondi a zaka ziwiri a boma la America chinatsika kwambiri m'masiku ochepa, ndipo ma CTA ambiri amene ankayembekezera kuti chipitiriza kukwera analuza kwambiri m'sabata imodzi. Tisaiwalenso kuti pakati pa 2009 ndi 2019 zaka zambiri zinali zowuma kwa iwo pamene masheya ankangokwera, ndipo anthu ochuluka amene analowa ataona phindu la 2008 anatopa n'kutuluka 2022 isanafike.

Kodi zolipira zimakhala zotani?

Mwambo wakale ndi 2 peresenti ya ndalama zonse pachaka, kuphatikiza 20 peresenti ya phindu. Tiyerekeze kuti thumba lapindula 10 peresenti: pamachotsedwa 2, pa 8 yotsalayo pamachotsedwanso 1.6, ndipo mwini ndalama amatsala ndi 6.4. Chaka chikakhala choluza, 2 peresenti ija imachotsedwabe. Makontrakiti abwino amakhala ndi lamulo loti CTA asalandire gawo la phindu mpaka atabweza zonse zimene analuza kale. Matumba ena ogulitsidwa kwa anthu wamba ankawonjezera zolipira za broker ndi za wogulitsa, moti thumba limayenera kupindula kwambiri kuti mwini ndalama angobwerera pamene anayambira. Masiku ano kuli ma ETF (matumba ogulitsidwa pa msika wa masheya) ndi matumba ena otsika mtengo amene amatsanzira njira yomweyi, ndipo mpikisanowu watsitsa zolipira. Monga zilili ndi kota, mtengo weniweni suonekera pa risiti imodzi, choncho munthu ayenera kuuwerengera yekha.

Kodi munthu angaluze ndalama zake zonse?

Inde, ndipo mu akaunti yakeyake akhoza kuluza zoposa zimene anaika. Chifukwa chake n'chakuti pogula futures munthu salipira mtengo wonse, amangoika chikole. Tiyerekeze kuti chimanga chili pa madola 4.50 pa bushelo: kontrakiti imodzi ndi ya madola 22,500, koma chikole chikhale madola 1,125 okha. Mtengo ukatsika ndi 5 peresenti, chikole chonsecho chatha, ndipo popeza phindu ndi zoluza zimawerengedwa tsiku lililonse, broker amafuna ndalama zina nthawi yomweyo kapena amatseka malondawo. CTA wosamala amagwiritsa ntchito gawo lochepa chabe la ndalama za thumba ngati chikole, zotsalazo n'kuzisunga m'mabondi a boma a nthawi yaifupi, ndipo m'thumba la anthu ambiri munthu saluza zoposa zimene anaika.

Mitengo imathanso kuchita zimene palibe anaziganizira. Pa 20 April 2020 kontrakiti ya mafuta a WTI ya mwezi wa May inatsekera pa madola 37.63 pansi pa ziro, kutanthauza kuti wogulitsa ankalipira wogula, chifukwa malo osungira mafuta anali atatsala pang'ono kudzaza. Mu March 2022 mtengo wa nickel ku London Metal Exchange unadutsa madola 100,000 pa tani, msikawo n'kufufuta malonda a tsikulo. Palinso chiopsezo cha kampani yosunga ndalama: MF Global itagwa mu 2011, panapezeka kuti ndalama za makasitomala pafupifupi madola 1.6 biliyoni zinalibe m'malo mwake, ndipo ngakhale zinadzabwezedwa, eni ake anadikira nthawi yaitali.

Ndiye nkhani ziwirizi zikukumana pati?

Zikukumana pa liwiro limene chiganizo cha boma chimalowera mu mtengo. Mu 2018 China inabwezera misonkho ya America poika msonkho wa 25 peresenti pa soya, umene unayamba kugwira ntchito mu July. Mtengo wa soya ku Chicago unatsika kwa masabata angapo otsatizana, soya wa ku Brazil n'kumagulitsidwa modula kuposa wa ku America, ndipo boma la America linadzapereka madola oposa 20 biliyoni kwa alimi m'zaka ziwiri pofuna kuwapepukitsa. Kutsika kotenga nthawi koteroko ndi kumene njira yotsatira mtengo imadyerapo. Koma m'miyezi yotsatira, mtengo unkadumpha uku ndi uku malinga ndi mawu a atsogoleri onena kuti zokambirana zikuyenda kapena zasokonekera, ndipo msika wotere umaluzitsa CTA kawiri: amagula mtengo utakwera, n'kugulitsa utatsika.

Boma likagwira mtengo kwa nthawi yaitali kenako n'kuusiya mwadzidzidzi, zotsatira zake zimakhala zoopsa kwambiri, chifukwa kompyuta imaona msika wodekha n'kuikapo ndalama zambiri. Pa 15 January 2015 banki yaikulu ya Switzerland inasiya kugwira ndalama ya franc pa 1.20 pa euro, ndipo franc inakwera ndi zoposa 20 peresenti m'mphindi zochepa. Zoletsa zotumiza kunja, monga za mafuta a palm ku Indonesia mu April 2022 kapena za mpunga woyera wosakhala basmati ku India mu July 2023, zimabweranso popanda chenjezo lokwanira. Choncho dziko lapansi likachuluka malonda oyendetsedwa ndi maboma, sizitanthauza kuti ma CTA apindula kapena aluza. Zimatengera ngati ziganizo za maboma zikuyenda mbali imodzi kwa miyezi kapena zikusinthasintha sabata ndi sabata.

Kodi si amalonda a futures amene amakweza mitengo ya chakudya?

Mkanganowu ndi wakale. America inaletsa futures za anyezi mu 1958 alimi atadandaula, ndipo lamulolo lidakalipo, komabe mtengo wa anyezi sunasiye kugwedezeka. India inaimitsa futures za tirigu, soya ndi mbewu zina mu December 2021 pofuna kuthana ndi kukwera kwa mitengo. N'zotheka kuti ogula motsatira mtengo amawonjezera liwiro la kukwera kwa kanthawi, koma amagulitsanso mtengo ukamatsika, ndipo sasunga mbewu m'nkhokwe. Pa kukwera kwa mtengo wa mpunga mu 2007 ndi 2008, pamene msika wa futures za mpunga ndi waung'ono, akatswiri ambiri amaloza zoletsa zotumiza kunja zimene India, Vietnam ndi mayiko ena anaika, pamodzi ndi kugula mwamantha kwa mayiko ogula.

Kodi munthu afunse chiyani asanaike ndalama?

Ayambe ndi kufufuza ngati kampaniyo ndi yolembetsedwa. Kwa makampani a ku America, kaundula wa BASIC wa National Futures Association amaonetsa kulembetsa ndi milandu yakale. Kenako awerenge chikalata chofotokoza za thumbalo, n'kuona kugwa kwakukulu kumene linakumana nako komanso miyezi imene linatenga kuti libwerere. Afunse ngati ziwerengero zimene akuonetsedwa ndi za malonda enieni atachotsa zolipira zonse, kapena ndi zongoyerekezera pa kompyuta pogwiritsa ntchito mitengo yakale, pakuti zoyerekezera zimaoneka zokongola nthawi zonse. Afunsenso amene amasunga ndalamazo, amene amawerengera mabuku, ndi nthawi imene angadikire akafuna kutulutsa ndalama zake, chifukwa matumba ena amalola kutuluka tsiku lililonse pamene ena amalola kamodzi pamwezi atapatsidwa chidziwitso pasadakhale. Wina akalonjeza phindu lokhazikika mwezi uliwonse kuchokera ku futures, chimenecho ndi chizindikiro cha chinyengo, popeza ngakhale makampani akuluakulu ndi akale pa ntchitoyi amakhala ndi miyezi yambiri yoluza, ndiponso zaka zathunthu zoluza.